Pikapu ikamagunyuza n'kumalira ngati chigayo: fufuzani motere musanagule chitsulo chilichonse

Pikapu yanga ndi Toyota Hilux ya dizilo yakalekale, ya injini ya 5L, ndipo inabadwira kunyamula: matumba a chimanga kuchokera ku Lunzu, simenti ya anthu omanga ku Machinjiri, mwezi ukamatha katundu wa anthu osamuka nyumba. Chaka china mvula ili mkati inayamba khalidwe lachilendo. Ndikati ndinyamuke, pansi pankamveka gu! Ikafika pa makilomita 60 pa ola mpando unkanjenjemera, zitsulo zikukhulana kwinakwake kumbuyo kwanga. Pa galaja ina, yomwe sinditchula, anamvetsera mphindi imodzi yokha n'kugamula kuti, "Bwana, giyabokosi yapita iyi." Anaitsitsa, anaitsegula, anasintha ma bearing awiri, ine n'kulipira. Ndikutuluka pageti pawo pomwepo, gu! uja ali pompo. Chomwe chinafa chinali universal joint, kachitsulo kolumikizira kokwana m'chikhatho, komwe kali kumapeto kwa propshaft, shafiti yaitali yotenga mphamvu ku giyabokosi kupita nayo ku matayala akumbuyo.

Kuyambira pamenepo sindilola sipanala kukhudza galimoto ndisanadziwe kuti phokosolo likutsatira chiyani. Phokoso la galimoto limatsatira chimodzi mwa zitatu: kuthamanga kwa injini, kuthamanga kwa matayala, kapena phazi lanu. Ntchito yonse ili m'munsimu ndi yopatula zitatuzi.

Poyambira: zosafuna ndalama

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, tsitsani katundu yense. Fosholo yoiwalika kumbuyo kapena tayala lapadera lomwe tcheni chake chakhwepa zapusitsapo anthu ambiri. Yesani manati a matayala onse anayi ndi sipanala, chifukwa tayala lokhwepa limagogoda n'kugwedeza galimoto, ndipo ndi lomwe lingakupheni lero lomwe. Werengani manambala a m'mbali mwa matayala. Ambirife timagula matayala a kaunjika limodzilimodzi, ndiye mumapeza kumanzere kuli 195R14C, kumanja kuli lina lokulirapo. Matayala osiyana kukula pa ekiselo imodzi amagwiritsa diff, bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala awiriwo, ntchito yosatha ngakhale msewu uli wowongoka.

Ngati pikapu yanu ndi 4x4, onani pomwe pali kandodo kakang'ono kosankhira 2H (kukoka ndi matayala akumbuyo okha) ndi 4H (kukoka ndi onse anayi), kapena batani lake. Mapikapu ambiri monga Hilux, Isuzu KB ndi Nissan Hardbody alibe diff yapakati, choncho mukaika 4H matayala akutsogolo ndi akumbuyo amamangidwa pamodzi. M'matope a ku Chigumula zimenezo n'zabwino. Pa phula, makamaka pokhota, akutsogolo amafuna kuyenda mtunda wotalikirapo kuposa akumbuyo, ndiye galimoto imalimba chiwongolero, kudumphadumpha ndi kukukuta. Bwezerani pa 2H. Kandodoko kakakana, bwererani m'mbuyo mamita angapo mowongoka, kamasuka. Ndaonapo munthu atatsala pang'ono kugula giyabokosi chifukwa mnyamata wotsuka galimoto anakankha kandodoka.

Kenako suzumirani pansi. Dontho la oyilo pakati pa injini ndi giyabokosi, kunyowa mkati mwa tayala lakumbuyo, girisi womwazika pafupi ndi tayala lakutsogolo: zisungeni m'mutu, tizifuna kutsogoloku.

Chachiwiri: galimoto ili chiimire, injini ikulira

Kokani handibuleki, ikani pa nyutulo, lizani injini. Pondani moto pang'onopang'ono n'kusiya. Phokoso likamakwera ndi kutsika limodzi ndi injini galimoto isakuyenda, matayala, diff ndi propshaft mwazichotsa kale pamlandu. Yang'anani kutsogolo: bearing ya alternator, pampu ya madzi, timawilo tomwe lamba amadutsapo.

Tsopano phazi pa kilatchi. Phokoso likamabwera pomwe mwaponda n'kutha mukasiya, ndi release bearing, bearing yomwe imakankha kilatchi mukaponda. Likamamveka phazi lili kumbali n'kutha mukaponda mpaka pansi, lili m'giyabokosi, kawirikawiri pa bearing ya shafiti yolowera, chifukwa kuponda kilatchi kumaimitsa shafitiyo. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kusiyana kwa ndalama zambiri, ndiye bwerezani kangapo mpaka mutsimikize.

Pondani kilatchi, dikirani masekondi atatu, lowetsani livesi. Ikati khrrr, yesaninso giya yoyamba. Zonse ziwiri zikamavuta galimoto ili chiimire, kilatchi sikulekanitsa injini ndi giyabokosi mokwanira. Musathamangire kutsitsa chilichonse. Onani kabotolo ka mafuta a kilatchi pafupi ndi ka mabuleki. Ngati mafuta atsika, fufuzani kudontha pa master cylinder, kumene nthawi zambiri kumanyowetsa kapeti pamwamba pa chopondera, ndi pa slave cylinder ya pambali pa giyabokosi. Pompani chopondera kasanu mofulumira n'kuyesanso giya. Ikalowa bwino, muli mpweya kapena marabala atha, ndipo ndi ntchito ya ola limodzi. Koma ngati ndi giya imodzi yokha yomwe imakukuta mukamasintha muli paulendo, mwachitsanzo yachiwiri kapena yachitatu, imeneyo ndi synchro ya giya yomweyo, kamphete kothandiza giya kulowa mosakukuta.

Musanazimitse, pemphani mnzanu ayime pambali, osati kutsogolo, boneti ili yotsegula. Handibuleki ili yokoka ndithu, ikani giya yoyamba n'kumasula kilatchi pang'ono chabe mpaka injini imve kulemera, kenako chitaninso chimodzimodzi pa livesi. Injini iyenera kupendekeka pang'ono. Ikadzuka mbali imodzi ngati ikufuna kutuluka, mounting, rabala yomwe injini imakhalapo, yaduka, ndipo gu! wa ponyamuka angakhale ameneyo.

Chachitatu: kugunyuza kuli mitundu iwiri

Apa m'pomwe anthu amasokonezana ndi amakaniko, chifukwa mawu akuti "ikugunyuza" amanena zinthu ziwiri zosiyana.

Mtundu woyamba umabwera pokhapokha mukamamasula kilatchi ponyamuka. Galimoto imanjenjemera, ji ji ji, kenako ikagwira imayenda bwinobwino. Limenelo ndi vuto la kagwiridwe ka kilatchi: mbale yanyowa ndi oyilo wodontha pa seal ya kumbuyo kwa injini, flywheel (chimbale cholemera cha kumbuyo kwa injini chomwe kilatchi imagwirapo) yapsa mawangamawanga, kapena ma mounting atha. Dontho lija munaliona pakati pa injini ndi giyabokosi likugwira ntchito pano. Kuika kilatchi yatsopano osasintha seal yodonthayo n'kutaya ndalama, miyezi ingapo yatsopanoyo inyowanso. Mapikapu ena atsopanopo ali ndi flywheel ya zigawo ziwiri yokhala ndi masipuling'i mkati, ndipo ikatha imagogoda polizitsa ndi pozimitsa injini.

Mtundu wachiwiri umabwera galimoto ili kale paulendo, phazi lili kutali ndi kilatchi. Imakoka, n'kusiya, n'kukokanso, ngati wina akuigwira mchira. Pezani chikweza chachitali. Kuchoka ku Ginnery Corner kudutsa Chichiri kukwera ku Limbe kumakwana ngati mwapita nthawi yopanda mdipiti wa magalimoto, Lamlungu m'mawa. Ikani giya yachinayi, pondani moto, diso limodzi pa singano yoonetsa kuthamanga kwa injini.

Singano ikakwera koma liwiro osawonjezeka, kilatchi ikuterera, ndipo mwina mumvanso fungo lopserera. Singano ikamagwa n'kudzuka limodzi ndi kugunyuzako, injini ikusowa chakudya. Pa dizilo yambani ndi fyuluta ya mafuta. Tonse tikudziwa zomwe timachita mafuta akasowa m'tauni: timagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndipo zomwe zili m'chigubumo amadziwa ndi mwini chigubu. Pansi pa fyuluta pali kotsegulira madzi. Tcherani botolo loonekera mkati, masulani, pompani kapampu ka pamwamba pa fyuluta. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, ndiye akhala pansi pa botolo poonekeratu. Mukapeza madzi kapena zinyalala, sinthani fyuluta, ndipo ngati n'zambiri thanki itsitsidwe itsukidwe.

Kapampu komweko kamaululanso za mpweya. M'mawa musanalize injini, kapompeni. Kakalimba mutapompa kawiri katatu, zili bwino. Kakamafuna kupompa kambirimbiri, mafuta akubwerera ku thanki usiku chifukwa paipi yang'aluka kapena rabala ya fyuluta sikugwira. Amakaniko odziwa amaika kapaipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu n'kuona ngati mukudutsa thovu.

Injini za dizilo zatsopanopo za mtundu wa common rail, monga 2KD ndi 1KD za Hilux D-4D kapena YD25 ya Nissan, zili ndi kavalavu pa pampu kotchedwa suction control valve. Kakayamba kukakamira, galimoto imagunyuza, kuzima pamphambano kapena kukana kukoka. Injini zimenezi zili ndi kompyuta, choncho zilumikizidwe pa makina owerengera zolakwika musanagule chilichonse. Ndipo musamasule mapaipi a ma injector injini ikulira monga tinkachitira pa injini zakale. Mphamvu ya mafuta mmenemo imapitirira ma bar 1,000, moti dizilo angathe kuboola khungu. Pa pikapu ya petulo, kugunyuza kwa pachikweza kumayambira kawirikawiri pa mapulagi, mawaya ake kapena koyilo.

Pali chinanso chomwe madalaivala sitikonda kumva. Pikapu ya tani imodzi tikaisenzetsa matumba 30 a makilogalamu 50, ndiye kuti tani imodzi ndi theka, kenako n'kukwera chitunda pa giya yachinayi singano ili pansi poti tikusunga mafuta, igunyuza basi ngakhale ilibe vuto. Tsitsani giya muone ngati sizitha.

Wa automatic aone mafuta a giyabokosi motsatira buku la galimoto yake. Akakhala akuda, onunkha kupserera, kapena galimoto ikamachedwa kugwira mukaika D kenako n'kulumpha, pitani nayo kwa odziwa ma automatic.

Chachinayi: kukhulana kwa paulendo

Izi zimafuna msewu wosalala, wopanda anthu ambiri, mawindo otsitsa, wailesi yozima. Kuyenda m'mbali mwa mpanda wa njerwa kumathandiza chifukwa phokoso limabwerera kwa inu, ndipo mumadziwa mbali yomwe likuchokera.

Fikani pa liwiro lomwe phokoso limamveka bwino. Pondani kilatchi, ikani nyutulo kwa masekondi ochepa pamalo athyathyathya, injini itsike. Musachite zimenezi potsetsereka, ndipo pa mapiri otsikira ku Chikwawa musayerekeze n'komwe. Phokoso likatha injini itatsika, bwererani ku gawo lachiwiri. Likapitirira monga linalili, likutsatira matayala.

Pondani buleki pang'ono. Phokoso likasintha, kukula kapena kutha, lili ku mabuleki. Kulira kwa tswiii ndi kachitsulo kochenjeza kuti ma pad atsala pang'ono. Kukhulana kokhuthala, khooo, mukaponda buleki ndiye kuti ma pad atheratu, chitsulo chikudya disiki. Imeneyo si galimoto yopitanso nayo ku Lunzu mawa. Kulira kopyapyala kosalekeza komwe kwayamba mwadzidzidzi mutadutsa msewu wa miyala nthawi zambiri ndi kamwala kolowa pakati pa disiki ndi kalata kotchinga fumbi. Kubwerera m'mbuyo pang'ono kapena kupinda kalatako ndi dzanja kumathetsa nkhani. Pa galimoto ya ABS (mabuleki oletsa matayala kukhwekhwereza), chopondera kunjenjemera ndi kukukuta mukaponda mwamphamvu pa fumbi ndi ntchito yake. Koma zikamachitika pa phula louma mutatsala pang'ono kuima, sensa ya pa tayala lina yada kapena yawonongeka.

Buleki ikapanda kusintha kanthu, pendeketsani galimoto modekha kumanzere ndi kumanja pa liwiro la makilomita 50 kapena 60. Mukakhotera kumanzere, kulemera kumapita ku matayala akumanja. Kulira kwa wuuu kukakula pamenepo, kawirikawiri ndi bearing ya tayala lakumanja, ndipo mbali inayo n'chimodzimodzi. Chenjerani ndi matayala a mano akuluakulu kapena odyeka mosiyanasiyana, amalira ngati bearing. Sisitani ndi dzanja, mukamva mano ali ngati a sowo, sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo muone ngati phokoso lisamuka.

Tsopano sewerani ndi moto. Pondani, siyani, pondaninso. Kulira kochokera kumbuyo komwe kumabwera mukaponda n'kutha mukasiya, kapena kubwera mukasiya n'kutha mukaponda, ndi kwa diff: mano a pinion ndi crown wheel, magiya a mkati mwake, kapena ma bearing ake. Bearing ya tayala siisamala za phazi lanu, imangolira malinga ndi liwiro. Gu! mmodzi nthawi iliyonse mukaponda ndi mukasiya akutanthauza kuti pali mpata penapake pakati pa giyabokosi ndi matayala. Akaphatikizana ndi kunjenjemera kwa pansi pa mpando komwe kumakula ndi liwiro, ndi nkhani yanga ija ya propshaft.

Pomaliza pezani bwalo, pindani chiwongolero mpaka kumapeto, zungulirani pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Kho kho kho wa kutsogolo pa 4x4 kapena pa Nissan NP200, yomwe imakoka ndi matayala akutsogolo, ndi CV joint, cholumikizira cha shafiti yozungulitsa tayala lakutsogolo. Girisi womwazika uja anachokera pa rabala yake yong'ambika. Kukukuta ndi kudumpha kochokera kumbuyo pokhota kumachitika pa diff ya mtundu wa limited slip ikathiridwa oyilo wamba m'malo mwa wolembedwa LSD.

Mukaima, yandikizani dzanja pakati pa tayala lililonse, osakhudza disiki. Limodzi likatentha kuposa anzake, buleki ikugwira kapena bearing ikupsa.

Chachisanu: kulowa pansi

Jeke ntchito yake ndi kukweza basi. Musalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeke pokha kapena pa njerwa, njerwa imaphwanyika mosachenjeza. Ikani ma stand kapena zipika zolimba za mtengo pansi pa chesesi, matayala otsala pansi muwatchinge kutsogolo ndi kumbuyo, injini ikhale yozima, kiyi ali m'thumba mwanu.

Propshaft simufunika kukweza galimoto kuti muiyese. Tchingani matayala, kokani handibuleki, ikani nyutulo kuti shafiti imasuke. Gwirani mbali zonse ziwiri za universal joint iliyonse, potozani manja mosemphanitsa, kenako kankhani m'mwamba ndi m'mbali. Pasakhale mpata ngakhale pang'ono. Yang'anani fumbi lofiira ngati dzimbiri pa timakapu take: ndi tisingano ta mkati tomwe tauma n'kuperana. Joint ina imafa mouma, osagwedera konse, ndipo imadziwika pokhapokha shafiti itamasulidwa n'kuipinda ndi manja. Musanamasule, lembani chizindikiro pa zolumikizira kuti ibwerere mmene inalili, apo ayi mubweretsa kunjenjemera kwatsopano. Ngati shafiti ili ya zigawo ziwiri, kankhani pakati pomwe pali centre bearing muone ngati rabala yake yang'ambika. Ma joint ambiri ali ndi timabowo topopera girisi, ndipo pikapu yoyenda m'matope ndi m'madzi imafuna girisi nthawi iliyonse mukasintha oyilo wa injini. Yanga ija inali isanalawe girisi zaka ziwiri, ndipo pamenepo wolakwa ndinali ine.

Mudakali pansi pomwepo, onani ma U-bolt omanga ekiselo ku masipuling'i. Akakhwepa, kapena bawuti ya pakati pa masipuling'i ikaduka, ekiselo imasuntha ponyamuka ndi poima, ndipo galimoto imayenda chammbali ngati nkhanu. Yezani mpata wa pakati pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo mbali zonse ziwiri, uyenera kufanana.

Oyilo wa diff: yambani mwamasula chotsekera cha pothirira, chapamwambacho, musanakhudze chokhuthulira. Mukayamba ndi chapansi kenako chapamwamba n'kukana, mwakhala ndi diff youma. Pisani chala, oyilo afike m'mphepete mwa bowolo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Zimachitika mukawoloka madzi diff ili yotentha: imazizira mwadzidzidzi n'kuyamwa madzi kudzera pa kopumira kake kapena pa ma seal. Chokhuthulira chili ndi maginito. Phala losalala lotuwa pamenepo si lodetsa nkhawa, koma tizidutswa tomwe mukutimva pakati pa zala ndi mano kapena bearing zomwe zikuswekera mkati. Diff imafuna oyilo wa GL-5, ambiri 80W-90. Giyabokosi muiyese mofananamo, koma mtundu wa oyilo wake muone m'buku, chifukwa ena amafuna GL-4.

Kwezani tayala limodzilimodzi. Gwirani pamwamba ndi pansi, gwedezani. Kutsogolo, mpata ungakhale wa bearing kapena ball joint, cholumikizira chomwe tayala limatembenukirapo pokhota. Mnzanu aponde buleki, mpata ukatha ndi bearing. Zungulitsani tayala dzanja lina lili pa sipuling'i kapena pa chitsulo chapafupi, bearing yotha imamveka ngati mchenga. Chotsani tayala muone ma pad, akatsala mamilimita 3 asintheni, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Pad yamkati ikatha kwambiri kuposa yakunja, timapini ta caliper, chitsulo chofinyira ma pad pa disiki, tauma.

Kumbuyo, tayala lonyowa mkati lija litsegulidwe dramu. Seal ya ekiselo ikatha, oyilo wa diff amanyowetsa nsapato za buleki, ndipo nsapato zonyowa zimagwira mwadzidzidzi n'kugunyuza galimoto mukamaima. Seal imeneyi kawirikawiri imafa chifukwa bearing ya kuseri kwake yayamba kugwedera kapena kopumira ka diff katsekeka ndi matope, choncho onani zonse. Pa Hilux bearing yakumbuyo imalowetsedwa pa shafiti ndi makina opanikizira. Wina akatulutsa nyundo yaikulu kuti aimenye, tengani shafiti yanu mupite kwina.

Mukafika kwa amakaniko

Musanene dzina la chitsulo, nenani zomwe mwaona. Mukalowa n'kuti "Ndikuganiza kuti ndi diff," diff itsegulidwa ndithu. Nenani motere: "Amisiri, ikumagogoda kamodzi ndikaponda moto ndi ndikasiya, pa 60 mpando ukunjenjemera, ndikaika nyutulo sizikutha, buleki sikusintha kanthu. Tiyeni tikwere limodzi mumve nokha." Mmisiri wabwino amatenga kiyi n'kukwera. Asanamasule chachikulu, akuonetseni mpata kapena kudontha komwe wapeza, inu mugwirepo ndi dzanja lanu. Zitsulo zakale zomwe zachotsedwa muzitenge, ndipo pokagula zatsopano ku Limbe kapena ku Ndirande nyamulani chakalecho pamodzi ndi nambala ya chesesi, chifukwa Hilux ya chaka chimodzimodzi imatha kukhala ndi ma joint osiyana kukula. Sinthani chinthu chimodzi, kayeseni pa msewu womwe uja pa liwiro lomwe lija, kenako n'kupita ku chotsatira.